Geti la a Heenbanda

A Heenbanda anasunga geti lotulutsira madzi pa damu la ku Kudawewa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ntchitoyo anasiyiridwa ndi bambo awo, pamodzi ndi mpini wachitsulo wopukusira getilo. Sukulu analekeza sitandade faifi, koma akaponda m'munda ankadziwa masiku amene mpunga ungapirire popanda madzi.

Chaka china anthu anasankha pulezidenti wa chipani ichi, nyumba ya malamulo n'kuidzaza ndi chipani icho. Pulezidenti anali ndi asilikali, ndipo anagwiritsitsanso ofesi yoona za malo. Nduna yaikulu, ya chipani chinacho, inali ndi aphungu ambiri komanso nduna zake, kuphatikizapo ya ulimi wothirira. Damu lili pa malo, koma m'kati mwake muli madzi. Aliyense anati ndi lake.

Chaka chomwecho boma linaika geti latsopano. Alimi anafesa ndi mvula, kenako mvula inadula mpunga utayamba kutulutsa ngala. Minda inayamba kung'aluka.

Kalaliki wa kuboma, a Samarakoon, anabwera pa njinga yamoto ndi makalata awiri. Ya ku ofesi ya malo inati getilo lisakhudzidwe mpaka pa 14, pamene nthumwi ya pulezidenti idzalitsekule pa ola losankhidwa ndi wopenda nyenyezi. Ya ku unduna inati lisakhudzidwe mpaka pa 20, popeza wopenda nyenyezi wawo anaona ola labwino tsikulo. Maofesi onse awiri anafuna mphika watsopano wowiritsira mkaka kuti udzasefukire pamwambo, poti kumeneko n'chizindikiro cha mwayi. Tsikulo linali pa 3.

A Heenbanda anafunsa kuti amvere kalata iti. Kalaliki anati zonse ziwiri.

"Bwana, mpungawu watsala ndi masiku anayi."

"Madala, ine ndangotumidwa. Mukatsekula, ntchito yatha."

"Nanga akuluakulu anuwo amadya nyenyezi?"

Kalaliki anaseka, kenako anakumbuka kuti wavala tayi, n'kuleka.

Kunyumba, akazi awo a Leelawathi sanawalimbikitse kapena kuwaletsa. Anangowauza kuti akachotsedwa ntchito asadzakhale pakhonde n'kumawatopetsa. Atatero anatenga mphika wawo wakale, wakuda ndi mwaye, n'kuthiramo mkaka.

M'mawa mwake a Heenbanda anamanga sarongi, nsalu yawo ya m'chiuno, n'kukwera pa khoma la damu alimi akuona. Mkaka unawira pa mafuwa atatu mpaka kusefukira, monga ankachitira bambo awo. Iwo analowetsa mpini, n'kupukusa. Getilo linali lolimba ndi penti, moti linawatulutsa thukuta, koma linakwera. Pofika masana madzi anali atafika ku minda ya kumunsi.

Patapita sabata kunabwera kalata ya ku unduna yowachotsa ntchito chifukwa chonyoza nduna. Inki isanaume n'komwe, ya ku ofesi ya malo inafika, yonena kuti unduna ulibe mphamvu yochotsa munthu wa pa damu la pulezidenti, choncho abwerere pa ntchito kuti iwo awachotse bwinobwino. Unduna unayankha kuti munthuyo ndi wawo, ndipo wina aliyense asamukhudze.

A Samarakoon anatopa ndi msewu wa ku Kudawewa. Tsiku lina anafunsa mwaulemu ngati madalawo sangangopereka okha mpiniwo, nkhani ithe.

"Ndipereke kwa yani, bwana? Akuluakulu anuwo akagwirizane kaye. Akadzabwera onse awiri pamodzi, ndidzawapatsa."

Sanabwere. Mwambo wa pa 14 unalephereka, wa pa 20 nawonso. Mpunga unakololedwa, ngakhale minda itatu ya kumapeto inabereka mankhusu okhaokha, chifukwa madzi anachedwa.

A Heenbanda anapukusa getilo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka mapewa anakana. Makalata onsewo a Leelawathi anawayala pansi pa chitini cha mpunga kuti chisachite dzimbiri.