Chitofu cha Mayi Doreen

Ndikukumbukira nyengo yathu yoyamba ya chisanu ku Wakefield, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Amayi ndi amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino, ine ndi abambo n'kuwatsatira pambuyo. Ku Kasungu abambo anali kapitawo pa esiteti ya fodya, munthu woti akamadutsa antchito ankavula zipewa. Kuno ntchito inali isanapezeke. Ankachapa, kusesa ndi kudzanditenga kusukulu atavala jekete la suti ndi chipewa chaubweya. Anzanga akafunsa ntchito ya abambo anga, ndinkasintha nkhani.

Nyumba za mumsewu mwathu zinali zogundizana, moti munthu akatsokomola kuseri kwa khoma tinkamva. Kuseriko kunkakhala Mayi Doreen, mzungu wachikulire amene amuna awo, omwe kale ankakumba malasha mumgodi, anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Moni wawo unali wongogwedeza mutu.

Loweruka lina m'mawa alamu ya utsi inalira kwawoko, osasiya. Abambo anathamangirako, ine pambuyo. Tinapeza pabalaza pali utsi woswa maso, gogoyo ataima pakati akupiza ndi thaulo. Pakhoma panali chitofu chachitsulo chakuda, chokhala ndi chitseko cha galasi chimene chinali bii ndi mwaye.

Abambo anatsegula mawindo, n'kuyamba kufunsa. Apa m'pamene ndinapezera ntchito. Onse awiri ankalankhula Chingelezi, koma cha abambo chinali cha ku Kasungu, cha gogoyo cha konkuno ku Yorkshire, ndipo sizinkakumana. Ine, amene makutu anali atazolowera kusukulu, ndinasanduka womasulira Chingelezi kupita m'Chingelezi.

Mayi Doreen anati zaka zonsezo chitofu ankayatsa ndi amuna awo, iwo sanachigwirepo. Mwana wawo wamwamuna, Martin, anali atanena kuti akadzamvanso za utsi adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Ankabwera pakatha masabata awiri. Ponena zimenezi gogoyo anayang'ana mpando wa malemu amuna awo.

Abambo anavula jekete, n'kugwada patsogolo pa chitofucho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita ndi zala. Anapeza tizitsulo tiwiri tokankha, kena pamwamba pa galasi, kena pansi pafupi ndi kabati ka phulusa. Anakankha kamodzi, n'kusuzumira, n'kumwetulira.

"Tadala, ili ndi balani lowotchera fodya," anandiuza m'Chichewa. "Langokhala laling'ono."

Anayala tinkhuni touma, n'kutsegula tizitsulo tonse tiwiri kuti mpweya ulowe wambiri. Moto unagwira ndi mkokomo. Utakhazikika anatseka kapansi, n'kumasewera ndi kapamwamba. Akakankha pang'ono malawi ankafatsa, akabweza ankadzuka. Posakhalitsa mwaye wa pagalasi unayamba kuyoyoka wokha, ndipo fungo la utsi linalowedwa m'malo ndi la chitsulo chotentha.

Koma gogoyo anati nkhuni n'zoyatsira chabe. Chimene ankasonkhezera tsiku lonse anali malasha osatulutsa utsi, owumbidwa ngati mazira a bakha, amene ankaloledwa m'tauni. Abambo anawathira ndi manja odzidalira, n'kuwachitira monga anachitira nkhuni zija. Moto unafooka, unafiira, kenaka unazima tikuona. Ine ndinangoti zyoli.

Abambo sanachite manyazi. Anakhala pansi, n'kundiuza kuti ndifunse gogoyo zimene amuna awo ankachita m'mawa uliwonse. Iwo anati sankaonerera, koma ankamva phokoso la chitsulo, gwedegwede, tiyi asanamwe. Abambo anafufuza m'mbali mpaka anapeza chogwirira chogwedezera chitsulo chimene malasha amakhalapo. Atachigwedeza phulusa linagwera m'kabati, mipata n'kutseguka.

"Ndaona tsopano," anatero. "Nkhuni zimapumira pamwamba, malashawa amapumira pansi. Ndinawatseka mphuno."

Anayatsanso, nthawi ino kapansi kali kotsegula, kapamwamba kongosiya kampata koti galasi lisade. Malasha anayaka mwakachetechete, ofiira ngati dzuwa lolowa, ndipo kutentha kunafika mpaka kumapazi anga ozizidwa.

Gogoyo anapempha kuti abambo azibwera kudzawayatsira. Abambo anakana mwaulemu. Anati Martin sadzabwera kudzaona mnansi, adzabwera kudzaona mayi ake. Motero masana aliwonse ndikaweruka tinkapita limodzi. Abambo ankaima manja ali kumbuyo ngati mphunzitsi, gogoyo atakhala pakampando, ine pakati kumasulira. Gogoyo akalakwitsa, abambo sankagwira kanthu. Ankangoti, "Afunse, motowo ukuwauza chiyani?" Tsiku lachisanu gogoyo anawatcha abambo munthu wouma mutu, ndipo mawu amenewo sindinamasulire. Kenaka ndinazindikira kuti abambo anali atawamva okha, chifukwa ankaseka chamumtima.

Martin anafika Loweruka masana. Mayi Doreen anatiitana dala, ndipo anali atasiya chitofu chili chozima. Mwana wawo, bambo wamtali wa nkhope yosamwetulira, anaima pakhomo chikhoti chili m'thupi. Gogoyo anagwedeza phulusa, anayala tinkhuni, anatsegula tizitsulo, anayatsa. Sanaphonye. Atathira malasha anasiya kapansi kotsegula, n'kuchepetsa kapamwamba. Utsi sunatuluke ngakhale pang'ono. Martin anavula chikhoti.

"Wakuphunzitsani ndani?" anafunsa.

"A Phiri awa. Moto ndi ntchito yawo."

Martin anafunsa kuti ntchito yake yotani. Abambo anafotokoza za mabalani, mmene ankasungira moto masiku angapo osautaya, kutsegula ndi kutseka mazenera a mpweya mpaka tsamba litasanduka lachikasu, podziwa kuti kulakwitsa ola limodzi kukanawononga thukuta la anthu la chaka chonse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma panalibe chomasulira. Martin ankamva zonse. Ine ndi amene ndinali kumva zimenezi koyamba.

Mayi Doreen anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo lomaliza, ine ndili kale kukoleji. Lero ndimakhala ku Leeds, m'nyumba imene ndimaitenthetsa pongodina foni, ndipo ana anga sanagwirepo machesi. Moyo wapepuka, sindikukana, koma kutentha kwa masiku ano sikufuna luso la munthu, n'chifukwa chake sikugogodetsa pakhomo la mnansi. Pamaliro a gogoyo, ife tinakhala kumbuyo kwa tchalitchi monga alendo. Martin anadzuka, anayenda mpaka pomwe tinali, anagwira abambo padzanja, n'kukawakhazika kutsogolo pamodzi ndi abale.