Kalata ya ku Kobwe pa Manda a Bambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Amayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka kusasa mawu, ndipo tsopano ankaodzera motsamirana pafupi ndi bokosi la bambo. Panja mwera unkawomba. Ndinagwira mfundo ya chitenje changa kuti ndimve ngati kalata imene ndinamangamo idakalipo.

Bambo anali msilikali zaka zambiri, koma kuno ku Khuyu, pachilumba chathu, anthu ankangoti "wakutsidya uja". Mayi awo anali a ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, ankabwera kudzagulitsa nkhuni ku Chipyela, ndipo anamwalira bambo ali aang'ono. Anakulira pakhomo pa aphunzitsi ena olemekezeka, akugona kukhitchini ndi kudya makombo. Mng'ono wa aphunzitsiwo ndiye ankawakwapula, ndipo pomaliza anawapirikitsa ndi nkhafi yopalasira bwato. Usilikali anaulowa chifukwa chosowa kopita.

Chaka chatha, matenda atayamba, tinawoloka awiri kukafufuza kwawo. Tinayenda midzi itatu tisanapeze mng'ono wa mayi awo, agogo osaona bwino. Iwo anatulutsa kalatayo m'kachitini. Anailemba ndi aphunzitsi aja, kuvomera kuti mwanayo ndi wawo, koma abale akuwaletsa kumutchula. Bambo anaiwerenga kawiri, n'kundiuza kuti tizisiye. Ine sindinalonjeze kanthu.

Tsiku la malirolo kutayera, moto unayaka kuseri kwa nyumba, utsi n'kumakankhidwa ndi mphepo mpaka kwa azibambo. Anthu a ku Mbungo anafika wapansi, nsapato zili m'manja. Anzawo a bambo anayi anabwera atavala zisoti zawo zakale za usilikali n'kukhala pawokha pamwala. Dzuwa litakwera ndinaona ngalawa ya matanga ikulimbana ndi mafunde. Anali agogo a ku Kobwe aja ndi ana awo. Ndinawatumizira uthenga ndine.

Mng'ono wa aphunzitsi anafika mochedwa. Tsopano ndi mkulu wa mpingo, woyenda ndi ndodo, ndipo anamuikira mpando wa ndalema pansi pa mango. Akuluakulu anagwirizana kuti mbiri ya malemu awerenge iyeyo. Popereka madzi ndinasuzumira pepala lake. Analemba kuti makolo a malemu sadziwika, ndipo banja lawo linamulera mwachifundo. Madzi ena anatayikira pa nsapato zake. Sindinapepese.

Misa itatha tinanyamuka. Njira ya kumanda ndi ya miyala, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Nyimbo inkaduka ndi mphepo n'kuyambiranso. Titafika ndinaona kuti dzenje alikumba kumpanda, kumene amaikako alendo ofera pachilumba, kutali ndi mtanda wa pamanda a aphunzitsi.

Mkulu uja anaimirira n'kufunyulula pepala. Asanatsegule pakamwa ndinadutsa pakati pa azibambo n'kuima kumutu kwa dzenje. Wansembe anatukula dzanja kuti andiletse, koma mmodzi wa asilikali akale aja anati, "Msiyeni mwana alankhule."

Ndinawerenga kalata yonse pang'onopang'ono, mpaka dzina la woilemba. Agogo a ku Kobwe anaimirira atagwirizidwa, n'kutchula dzina la mkulu wawo amene anabereka bambo, la mayi awo ndi la mudzi wawo. Amayi ena okalamba anagwetsa nkhope pansi, ndipo ndinazindikira kuti nkhaniyi ankaidziwa kalekale.

Ndinatembenukira kwa mkulu uja.

"Agogo, amene mwamuika kumpandayu ndi ndani wanu?"

Anayang'ana wansembe, wansembe anayang'ana buku. Kenako mkuluyo anang'ung'udza kuti ndi mwana wa achimwene ake.

"Anthu akumbuyo sanamve," ndinatero.

Anabwereza mokweza, mawu akuthyoka. Ndinamuyang'anitsitsa mpaka anakhala pansi pa dothi lokumbidwa, suti yake yonse. Ndinkayembekeza kuti ndimumvera chisoni, koma sindinamve.

Bokosi linatsikira pomwepo, pakuti dzenje lina silikanakumbika tsiku lomwelo m'miyala ija. Asilikali anaima mowongoka n'kuperekera sawatcha. Pobwerera anthu ankayenda magulumagulu akunong'ona. Ena ankandilambalala, ena ankandigwira dzanja. Mkulu uja anatsala m'mbuyo yekha, ndipo kunyumba sanabwere kudzasamba m'manja.

Madzulo mwera unaleka. Anthu anabalalika, mabenchi anabwezedwa kutchalitchi, ndipo m'nyumba munatsala ine ndi mayi. Tinakhala pamkeka osayatsa nyali. Kenako tinamva ndodo ikugogoda pamiyala ya pabwalo.

"Odi."

Mayi anandiyang'ana.

"Odi kuno."

"Bambo ako akanamuyankha," anatero mayi motsitsa mawu.

"Ndikudziwa."

Mkulu uja anaodiranso kachitatu, n'kuima nthawi yaitali pakhonde. Chitseko chinali chosakhoma, koma sanayerekeze kuchikankha. Kenako ndodo ija inayamba kutsika njira ya kunyanja, ndipo ndinaimvetsera mpaka inasiya kumveka.