Nkhata Imene Sinafike pa Manda a Limbani

Ndinadzuka kusanache, amayi a mpingo akuimbabe za Yerusalemu ndi Ziyoni. Kunja kunali nkhungu, ndipo moto unali utasonkhedwa kale kuseri kwa nyumba. Linali tsiku loika mng'ono wanga Limbani, kwathu ku Magaleta.

Limbani anagwira ntchito m'minda ya ku Israeli zaka ziwiri. Atabwerako ankakhala ku Blantyre, nyumba imodzi ndi anzake awiri. Anabwera ndi filimu yakale ya m'Chiheberi, ya achinyamata okhalira limodzi mumzinda, okangana za mbale zosatsuka koma osasiyana. Atatuwo ankaionera mobwerezabwereza, iye akuwamasulira. Impso zake zitayamba kuvuta, anzakewa ndi amene ankamusambitsa ndi kumubereka popita kuchipatala. Ife abale tinkangoimba foni.

Anzake awiri aja anafika pamaliropo dzuwa litakwera, pa njinga yamoto imodzi, mathalauza ali matope okhaokha. Ananyamula nkhata ya maluwa, ndipo pa kansalu kake anakoperapo dzina la filimuyo m'zilembo za Chiheberi. Amalume, amene ankayendetsa mwambo, anaiyang'anitsitsa.

"Zilembo zokhotakhotazi n'zachani? Zausatana zanu za m'tauni pano ayi."

"Amalume, ndi Chiheberi," ndinatero. "Chilankhulo cha aneneri omwe takhala tikuwaimba."

"Dipuloma yakoyo ukaonetse ku ofesi. Chamudya mwanayu ukuchidziwa iwe?"

Ndinkachidziwa, pakuti mapepala a kuchipatala anali m'chikwama changa. Koma mawu a amalume anafika pamoto msanga, ndipo pofika masana anthu ankasuntha n'kuwatalikira anyamatawo akakhala pansi. Palibe anawapatsa ngakhale madzi osamba m'manja.

Tinanyamuka kupita kumanda mvula ikuwaza. Oika nkhata anaitanidwa mmodzimmodzi, mpaka msuweni amene sanamuonepo Limbani chidwalire. Awiriwo anaima kumbuyo, pansi pa msuku, kudikira, koma sanaitanidwe. Kenako anaitana ine kuti ndilankhule m'malo mwa banja. Ndinathokoza mpingo, ndinathokoza adzukulu okumba manda, ndipo ndinakhala pansi. Amene anamusambitsa sindinawatchule.

Ndaganizira bwino chifukwa chake. Amalume anaweruza chinthu chimene sachidziwa, ndipo sindiwakhululukira. Koma ine ndinkadziwa zonse, ndipo ndinaopa kuti mawa lake pamudzi azinena kuti nanenso ndili m'gulu la zausatana lomwelo. Mkwiyo wanga waukulu uli pamenepo.

Anyamatawo anachoka osatsanzika. Madzulo anthu atabalalika, ndinaipeza nkhata yawo ija itatayidwa pafupi ndi khola, mbuzi zitadya mbali imodzi. Ndinalowa nayo m'nyumba, mmene munatsala mphasa zopindidwa ndi fungo la utsi. Amayi anga anaisisita, natambasula kansalu kaja.

"Kodi palembedwa chiyani apa, mwanangu?"

Sindinathe kuwawerengera. Amene akanawauza anali kale pamsewu wa ku Zalewa.