Kachipewa ka anti Nachisale

Ndikangomva fungo la nsalu yomwe simbi yatsala pang'ono kuwotcha, ndimaona anti Nachisale ataweramira tebulo m'kachipinda kawo ku Al Qusais, kudziko la Aluya, thukuta lili kamukamu, fani ikulira ngati ithothoka kudenga. Sanali achibale athu. Chinkatilekanitsa ndi thabwa lomwe mwini nyumba anagawira chipinda chimodzi pawiri, moti iwo akayetsemula ife tinkadzidzimuka. Nthawi ya mliri ija ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, sukulu atatseka, amayi akugonera kuhotela ya ku Marina komwe ankachapa zovala, ndiye ine ndinasanduka mchira wa anti.

Banja lomwe anti ankalilerera ana linali litabwerera kwawo ku India, visa ya anti ili pafupi kutha. Akanapanda kupeza ntchito ina, akanabwerera ku Kasungu chimanjamanja. Tsiku lina mnzawo wakutchalitchi anaimba kuti mayi wina wa ku Britain akufuna wolera mwana, ndipo acheza nawo pafoni yoonana nkhope Loweruka. Anti anavina mpaka thabwa lija linagwedera.

Koma anali asanagwirepo ntchito kwa Mngelezi. "Yalla, fulumira Tadala, tsegula mafilimu awo tione mmene amakhalira," anatero. Tinayamba kuonera mafilimu akale palaputopu yanga yakusukulu, tikukukuta mtedza wokazinga. Anti ankakonda a m'nyumba zikuluzikulu, momwe madona a zipewa zotambalala ankangoliza kabelu, atsikana antchito a tizipewa toyera n'kumathamanga pamasitepe kukapinda bondo. Ine ndinkapenga ndi ena, a atsikana ondiposa pang'ono m'matauni a utsi, ogwira ntchito m'mafakitale, ovala timadiresi tatifupi, okangana ndi amayi awo m'makhitchini opanikiza kenako n'kuzembera kudansi. Ndinkawakonda koopsa chifukwa ankafanana nafe.

"Zabodza izo," ankatero anti. "Mzungu angasowe sopo? Angomupaka makala kumaso kuti filimu ikome." Za madona zija ndiye ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Anadula nsalu ya pilo n'kusoka kachipewa ndi epuloni, n'kuzisita mpaka zinauma gwa. Ine ndinakhala dona, nditakhala pachidebe, ndikuliza supuni pakapu, iwo n'kumalowa akupinda bondo. "Kugwada tinabadwa nako, apa angochepetsako," ankatero, ine ndikugubuduka ndi phwete.

Loweruka foni inalira, ine nditabisala pambali. Pagalasi panaoneka mayi wa tsitsi losapesa, malaya ake atathimbirira ndi phala, mwana akulira paphewa. Atangotsegula pakamwa ndinatsala pang'ono kukuwa, chifukwa Chingelezi chake chinali chomeza mawu ngati cha atsikana anga aja. "Anti, ndi wa kufakitale!" ndinanong'ona. Iwo anandiponda chala, n'kupinda bondo lawo bwinobwino.

Mayi uja anayang'anitsitsa kachipewa kaja. Kenako anafunsa kuti wawauza ndani kuti avale choncho. Anti anayankha kuti anaona m'mafilimu.

"Chonde vulani," anatero mayiyo, osaseka. "Agogo anga anavala kachipewa kotero ali kamtsikana, akukolopa m'nyumba ya anthu olemera. Mpaka kumwalira kwawo, filimu yotero ikayamba ankatuluka panja."

Ndinangoti khalas, basi zatha, ntchito yapita. Mantha anandigwira, ndikuwaona anti kale pabwalo la ndege ndi chikwama chawo chothothoka zipi. Iwo anavula kachipewa pang'onopang'ono, n'kukayang'ana m'manja. Ndinkaganiza kuti apepesa. M'malo mwake anafunsa kuti, "Agogo anuwo ankadyera kuti?"

"Kuchipinda cha pansi, eni nyumba akamaliza."

"Nanga ine ndizidzadyera kuti?"

Ndinatseka maso. Munthu wotsala masiku ochepa kuti visa ithe, n'kumafunsa zotero! Mayi uja anasuntha foni n'kutionetsa katebulo kodzaza mabotolo a mwana ndi nyenyeswa za buledi. "Apa, ngati mungapeze malo," anatero. "Mungayambe Lolemba?"

Foni itaduka tinakuwa mpaka Mzambia wa chipinda choyandikana anagogoda kufunsa ngati wina wadwala. Madzulo ake, akulongedza zovala, anti anandiuza kuti m'nyumba zonse zomwe anagwiramo ankadya ataimirira pafupi ndi sinki, ndipo anali asanafunsepo aliyense. Anakhala kwa mayi uja mpaka mwana anayamba sukulu.

Panopa ndine wamkulu, nanenso ndayamba kugogoda m'maofesi kufuna ntchito. Akamaliza kundifunsa amati, muli ndi funso? Anzanga amafunsa za malipiro ndi tchuthi. Ine ndimafunsa kaye kuti ndizidyera kuti.