Mayi Amene Anakhalira Manja Ake

Inu amene mwatopa ndi kuyesayesa, khalani kaye pansi mumve za Bwereza. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu ya zamakompyuta, chifukwa kalasi imodzi anaibwereza mpaka ophunzira atsopano ankamuyesa mphunzitsi. Mayeso olemba mapulogalamu ankamugwetsa chaka ndi chaka. Pomaliza anangosiya, n'kutuluka chimanjamanja.

Ankagona pabalaza kwa achimwene ake. M'mawa uliwonse ankapinda matiresi n'kuwabisa kuseri kwa sofa ana asanadzuke. Alamu ake sanali munthu woipa, koma nawonso anali atatopa, ndipo kutopako kunkamveka pa katsekedwe ka zitseko.

Achimwene akewo ndi amene anamupezera malo pakampani ina yaing'ono, yomwe inapanga chilankhulo chakechake cholembera mapulogalamu. Anamutenga mongomuyesa, ndipo bwana sanamubisire.

"Malangizo athu a pa intaneti anthu akudandaula kuti akusochera nawo. Anyamatawa palibe akufuna kuwagwira. Mukawakonza, mpando ndi wanu. Zikakanika, tisiyana bwinobwino."

Malangizowo anali masamba ankhaninkhani ofotokoza mmene chilankhulocho chimagwirira ntchito. Zonse zinalimo, zolondola ndithu. Vuto linali kuzipeza. Mitu inasanjidwa motsatira mmene akatswiri anamangira chilankhulocho, osati motsatira zimene wophunzira akufuna kuchita. Bokosi lofufuzira nalo linali lamatama, linkayankha pokhapokha ukalemba dzina lenileni la chinthucho. Nanga munthu akadalidziwa dzinalo, akadafufuziranji?

Bwereza anaigwira ntchitoyo mpaka maso kufiira. Anawerenga tsamba lililonse, anakulitsa zilembo, anasintha mitundu, anasuntha mitu uku ndi uku. Kwa iye zinaoneka kuti zatheka. Koma madandaulo anapitiriza kubwera monga kale.

"Mwezi woyamba ukutha, mayi," anatero bwana, osakwiya n'komwe. Nayenso ankaoneka kuti watopa nazo.

Bwereza anazindikira mochedwa pamene analakwitsa. Masambawo anali atawaloweza, moti iye sankasocheranso. Akatswiri a mu ofesimo nawonso sankasochera. Ankafunika munthu wosochera, amuone ndi maso ake. Ndipo malo amene anthu otere ankapezeka ankawadziwa bwino, kungoti miyendo inkakana.

Loweruka anapita kusukulu yake yakale ija, ali ndi manyazi. Mphunzitsi wake wakale atamuona pakhomo anaseka.

"Ee, a Bwereza! Mwatisowa eti? Desiki yanu ikadalipo."

"Ayi aphunzitsi, ndabwera kudzapempha. Mundibwereke wophunzira mmodzi amene zimamuvuta kwambiri."

"Mmodzi yekha? Tengani kalasi yonseyi."

Anamupatsa bambo wina wa imvi, yemwe anali dalaivala wa malole mpaka msana unamukana. Ankaphunzira Loweruka lokha, ndipo mausi ya kompyuta ankaigwira mwamphamvu ngati giya. Bwereza anamutsegulira malangizo aja.

"Bambo, pezani mmene mungasanjire mayina motsatira alifabeti. Ine ndingokhala pano, sindiyankhula."

Dalaivalayo analemba mawu ake m'bokosi lofufuzira. Bokosi linati palibe. Anadina mutu wina, ndipo mitu inzake yonse inapindika n'kusowa. Anadina kwina, kenako kwinanso, mpaka sankadziwanso tsamba limene ali ngakhale limene wachokera. Yankho linali pafupi, pansi pa mutu umene anaudumpha kawiri konse.

Dzanja la Bwereza linanyamuka lokha kupita pa mausi. Analibweza. Linanyamukanso. Ndiye anangotenga manja onse awiri n'kuwakhalira pansi pa ntchafu, chifukwa akanangoloza, sakanaona china chilichonse.

"Achemwali, tangondilozani," anatero dalaivala.

"Sindingathe, bambo."

"Ndiye mwabwera kudzandionerera?"

Anayesabe kanthawi, thukuta lili pamphumi. Kenako anakankha mpando n'kupukusa mutu.

"Mutu wangawu ndi wa chiwongolero basi. Izi ndi za ana anzeru."

Mawuwo anamulasa Bwereza mumtima. Iye yemweyo anawayankhulapo m'chipinda chomwechi, chaka ndi chaka, ndipo anawakhulupirira. Lero anali ataona yekha kuti bamboyu anaganiza bwino pa sitepe iliyonse. Anamva chisoni, kenako mkwiyo.

"Mutu wanu ulibe vuto, bambo. Msewuwu ndi umene ulibe zikwangwani."

Dalaivala anamuyang'ana. "Msewu wotero timaudziwa ife. Umagwetsa ngakhale wodziwa kuyendetsa."

Kuyambira pamenepo Bwereza ankapita Loweruka lililonse, n'kukhala pambali pa wophunzira wina, manja ali pansi pa ntchafu. Ankamvetsera mawu amene ophunzira ankalemba pofufuza, n'kuliphunzitsa bokosi lija kuwamva. Patsamba loyamba anaikapo funso limodzi, lakuti ukufuna kuchita chiyani, ndipo pansi pake anandandalika ntchito zenizeni, monga kusanja, kuwerenga fayilo ndi kukonza zolakwika. Pamwamba pa tsamba lililonse anaikapo kamzere kosonyeza pamene munthu ali ndi kumene wachokera. Zitsanzo, zomwe zinkabisala kunsi kwenikweni, anazikweza pamwamba.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Kamzere kaja pa foni kankaoneka ngati nyerere, ndipo anakakonza kangapo. Katswiri wina anadandaula kuti chilankhulo chawo chasanduka cha ana a mkaka, ngakhale Bwereza sanachotse liwu ndi limodzi lomwe. Kunyumba nako alamu anafunsa amuna awo, mokweza dala, ngati ntchito ya masiku ano imagwiridwanso Loweruka kwaulere. Masiku ena Bwereza ankafika pakhomo la sukulu n'kuima kaye, kusowa mphamvu zolowera.

Nthawi yomuyesa itatsala pang'ono kutha, anapita kwa bwana.

"Bwana, musandifunse ine ngati zatheka. Tiyeni Loweruka mukaone nokha. Koma lamulo ndi limodzi, manja muwakhalire."

Bwana anapita, ndipo anawakhaliradi, akung'ung'udza. Dalaivala uja anapatsidwa ntchito imene anali asanaionepo, yopeza mmene pulogalamu ingawerengere fayilo.

Bamboyo analemba mawu ake omwe aja a tsiku ndi tsiku. Tsamba linatseguka. Anawerenga chitsanzo, anachikopera, anachiyesa, ndipo chinagwira. Anatembenuka ali ndi nkhope yodabwa.

"Ndiye chovuta n'chiyani apa? Ndipatseni china."

Sanathokoze aliyense. Sanadziwe n'komwe kuti pali munthu woti amuthokoze.

Atatuluka panja, bwana anayenda naye mpaka pageti.

"Lolemba mubwere ndi kapu yanu ya tiyi," anatero. "Ija mumamwera ndi ya alendo."

Bwereza sanalulutire kapena kudumpha. Anakwera basi, anatsamira windo, misozi inatsika pang'ono, kenako tulo tinamuba mpaka anapitirira siteji yake. Anabwerera wapansi, pang'onopang'ono, mtima uli m'malo.

Tsono inu amene mwagwa kambirimbiri mpaka mwayamba kudzitcha mbuli, musafulumire kudziweruza. Mwina pamene mukugwerapo pali dzenje limene ena sakuliona, ndipo inu nokha ndi amene mukudziwa pamene lili. Ngati mwatopa, pumulani, palibe akukuletsani. Koma mawa mudzukenso. Mtima wokhawo musautaye.