Nsalu Yofiira ya a Namaona

A Isake Namaona anakula akuthyola tiyi, ntchito imene bambo awo anaipeza atachoka kwa Apwitikizi. Msana utayamba kuvuta, kapitawo anawatumiza kukabwalo ka ndege ka paesiteti, chakufupi ndi Chonde, kuti azikatchetcha udzu ndi kupirikitsa mbuzi.

Pabwalopo panalibe wailesi. Panali nsalu zikuluzikulu ziwiri, yoyera youza woyendetsa ndege kuti atere, ndi yofiira yomuuza kuti ayambe wadikira m'mwamba. Yofiirayo inkangokhala m'kanyumba mpaka makoswe anaiboola.

Tsiku lina m'chaka cha 1956, akudya chinangwa chimene akazi awo, a Christobel, anawabweretsera, anamva ndege ikubwera kuchokera ku Chileka. Akuti ayale yoyera, mayiwo anawagwira mkono.

"Abambo, tamvetserani bwino. Chakuphiriku kukubweranso ina."

Inalidi ina, ikutsika m'mitambo, ndipo oyendetsawo sankaonana. A Namaona ndi akazi awo anathamanga ndi nsalu yofiira, wina atagwira uku wina uku, n'kuitambasula pakati pa bwalo. Ndege zonse zinakwera n'kupatukana. Yakuphiri itapita kutali kukatembenuka, a Namaona anayalira inzakeyo nsalu yoyera, ndipo zinatera motsatana, bwinobwino.

Anagwira ntchitoyo mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo ankaikonda. Woyendetsa wina atawapempha kuti akwere nawo akaone minda ya tiyi ali kumwamba, iwo anaseka n'kupukusa mutu.

"Zikomo bwana, koma ine ndikakwera, pansi pano patsala ndani?"