Mlongo wanga wa m'nthano

Ndinachoka ku Lirangwe zipani zambiri zitangoyamba kumene, kupita ku Ulaya kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi anabadwira komweko. Bambo ake atatisiya tinatsala awiriwiri, m'dziko loti ukapereka moni kwa woyandikana naye nyumba amakuyang'ana ngati wabwera kudzapempha mchere.

Ana a kumeneko sagona osawawerengera buku. Ine mabuku awo a zimbalangondo zovala majuzi ankanditopetsa, choncho ndinkamusimbira za mlongo wanga wamng'ono, mnyamata wosamva amene ndinakula naye. Ndinkamuuza za galimoto zake zamawaya, za tsiku limene anakwera njinga yopanda mabuleki mpaka kukagwera m'matimati a mayi wina pamsika, ine ndili pakaliyala ndikukuwa. Mwanayo ankaseka mpaka kutsokomola. Koma wofuna nthanozo kwambiri ndinali ine, chifukwa inali nthawi yokhayo pa tsiku imene ndinkalankhula za kwathu mokweza, wina n'kumandimvera.

Mwanayo atayamba sukulu ndinati akaone kwawo, asadzakule ngati mwana wotola. Ndinamuchenjeza kuti amalume akewo anakula, iye n'kuvomera ndi mutu. Koma titatera pa Chileka, bambo wa imvi wovala jekete atavula chipewa n'kundipatsa moni ndi manja awiri, mwanayo ankasuzumira kumbuyo kwake kufunafuna mnyamata uja.

"Mwayenda bwanji, achemwali?" anatero mlongo wangayo. Ine ndinabwera nditakonzeka kumunyoza za imvizo, koma ulemu wakewo unanditseka pakamwa. Njira yonse ankangondifunsa za kuzizira kwa kunja.

Kunyumba anatipatsa mipando, ena onse ali pamphasa. Anatiphera nkhuku, anaphika mpunga, n'kutiikira patebulo m'nyumba, kenaka onse anatuluka. Mwambowu ndimaudziwa bwino: mlendo amadyera m'nyumba kuti adye momasuka. Ndili mtsikana ndinkagwada ndi beseni kusambitsa alendo m'manja m'chipinda chomwecho. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wondigwadira adzakhala mwana wa mlongo wanga. Panja ankaseka, kulimbirana zipalapasiro, ife tili duu ndi masipuni athu.

"Mami, talakwa chiyani?" mwana wanga anandifunsa m'Chingerezi, monong'ona. Kumene anabadwirako, mwana amam'siya yekha m'chipinda akalakwa.

Ndinamuuza kuti umenewu ndi ulemu, koma mtima unandiwawa, kenaka ndinapsa mtima. Ndinanyamula mbale yanga n'kukakhala pamphasa panja. Mlamu wanga anadzambatuka kukatenga mpando.

"Iii, alamu, musatichititse manyazi! Anthu aziti chiyani?"

Kuseka konse kunathera pomwepo. Ndinayesa kukumbutsa mlongo wanga za njinga ndi matimati, mwana wanga ali tcheru pambali panga, chifukwa mawu amenewo ankawamva ngakhale m'Chichewa. Mlongo wangayo anamwetulira, maso ali pansi.

"Aa, inu mukukumbukirabe zimenezo? Ife kuno tinaiwala kalekale, achemwali."

Sindinganene kuti anatilandira moipa, ayi. Tinadya nkhuku zawo pafupifupi khola lonse. Kutchalitchi anatiimiritsa kutsogolo, ndipo pamsika amayi amene ndinkatunga nawo madzi ankanditcha "madamu". Kunja kuja ndinali ndekha, koma ndinkadzitonthoza kuti kwathu kuliko. Kuno ndinasowa chodzitonthoza nacho.

Tsiku lobwerera, mlongo wanga anatiperekeza mpaka pa Chileka, anatitsanzika mwaulemu wake womwewo, n'kuthamangira minibasi. Tikudikira ndege, mwana wanga anatsamira paphewa panga. Ndinkaganiza kuti wagona.

"Mami," anatero, "nanga ku Lirangwe kwenikweni kuja, kumene anthu amakudziwani, tidzapitako liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti tachokera kumeneko.

"Ukadzakula," ndinatero.